Kachitsulo ka kuseri kwa tayala kakadyedwa ndi dzimbiri

Oyendetsa galimoto amene amapatuka pamsewu wa M12 pa Mpingu kapena pa Namitete n'kulowa m'misewu yafumbi amalidziwa phokosoli. Galimoto ikangonyamuka, kutayala limodzi lakutsogolo kumamveka kukwecha ngati munthu akupala mphika. Liwiro likakwera kukwechako kumafulumira, pokhota kumakula, koma ukaponda buleki sikusintha kwenikweni. Ambiri amathamangira kunena kuti mapadi a mabuleki atha. Kawirikawiri mapadiwo sakhala ndi mlandu. Gwero la phokosolo limakhala kachitsulo kopyapyala kobisika kuseri kwa disiki ya mabuleki, kamene eni galimoto ambiri sanakaonepo ndi maso.

Disiki ndi chitsulo chozungulira chija chimene chimazungulira limodzi ndi tayala, ndipo mapadi amachipana mbali zonse ziwiri kuti galimoto iime. Kunja kwake chimatchingidwa ndi limu, pamene mkati mwake, mbali yoyang'ana kunsi kwa galimoto, chimatchingidwa ndi kachitsulo tikunenaka. M'masitolo a zipangizo za galimoto kamadziwika ndi dzina loti dust shield kapena backing plate, koma ife tingoti chishango, poti ndiyo ntchito yake. Chishangochi sichizungulira. Chimamangidwa ndi mabawuti ochepa pachitsulo chonyamula tayala, ndipo mpata wa pakati pa icho ndi disiki ndi wa mamilimita owerengeka chabe.

Ntchito yake yoyamba ndi kuletsa matope, mchenga ndi timiyala kuti zisamwazikire padisiki. Mchenga ukalowa pakati pa padi ndi disiki umasanduka tupa: umadya padi msanga n'kusiya mizere padisikiyo. Yachiwiri, imene ambiri saiganizira, ndi kutchinga kutentha. Pamtsetse wautali, galimoto italemedwa, disiki imatha kutentha kupitirira madigiri 300. Pafupi pomwepo pali timalabala tosunga girizi m'malo olumikizira zitsulo za chiwongolero ndi za tayala, komanso kawaya ka ABS. Labala likamawawuka tsiku ndi tsiku limauma n'kung'aluka, girizi n'kutuluka, fumbi n'kulowa.

Dzimbiri limafuna zinthu zitatu: chitsulo, madzi ndi mpweya. Pamsewu wa phula chishango chimanyowa mvula ikagwa, kenaka chimauma ndi mphepo komanso kutentha kwa disiki. Misewu yolowera m'midzi ya ku Nsaru, Kabudula ndi Nambuma njosiyana. Kuyambira Novembala mpaka Epulo matope amamatirira kunsi kwa chishango, n'kudzaza m'mphepete mwake mopindika muja, ndipo amasunga chinyontho masiku ambiri galimoto itaimikidwa. Mvula ikatha, timiyala tolasidwa ndi tayala timasupula penti, n'kukonzera dzimbiri malo oti lidzayambirepo dzinja likudzalo. Chitsulocho n'chopyapyala zedi, choncho sichichedwa kubooka. Malo oyamba kudyeka ndi m'munsi ndi mozungulira mabawuti.

Palinso dzimbiri lina limene galimoto imabwera nalo. Galimoto zambiri zonyamula anthu m'maderawa, monga Toyota Sienta ndi Probox, zidagwirapo kale ntchito ku Japan, ndipo zina zimachokera ku United Kingdom. M'madera ozizira a maikowa amathira mchere m'misewu kuti madzi oundana asungunuke, ndipo mchere umafulumizitsa dzimbiri koopsa. Galimoto yotero imatha kufika pachipata cha Songwe ikunyezimira pamwamba, kunsi itayamba kale kudyeka. Wogula amayang'ana mipando, wailesi ndi makilomita. Ndi ochepa amene amagwada kuti asuzumire kuseri kwa tayala.

Sikuti phokoso lililonse likutanthauza kuti chishango chatha. Nthawi zambiri kamwala kamangopanikizika pakati pa chishango ndi disiki, kapena chishangocho chimapindika chitagunda chitsa kapena mzere wa matope ouma. Apa mankhwala ake ngosavuta: kuchotsa tayala, kutulutsa kamwalako, n'kukankhira chishango kumbuyo ndi dzanja mpaka chileke kukhudza. Sipafunika kugula kanthu. Koma ngati pochigwira chikugwedera, ngati chikuyoyoka ngati khungwa louma, kapena dzimbiri ladya pamene bawuti imagwira, kuwongola n'kutaya nthawi. Tsiku lina chidzathothoka galimoto ili paliwiro, ndipo chidutswa chake chikhoza kucheka labala kapena kawaya ka ABS.

Apa ndi pamene pamabuka mkangano. Amakaniko ambiri akaona chishango chadzimbiri amangochidula n'kuchitaya, akumati galimoto imaima bwinobwino popanda icho. Sakunama: buleki imagwirabe, ndipo kwa munthu woyenda pa phula lokhalokha kusiyana kwake sikuoneka msanga. Koma maganizo amenewa sakwanira pagalimoto imene tsiku lililonse imadutsa m'zithaphwi itanyamula matumba a chimanga, kapena odwala opita kuchipatala cha St Gabriel's ku Namitete. Pamsewu wotere padi lam'kati limayamba kutha msanga kuposa lakunja, ndipo popeza lam'katilo silioneka, mwini wake amadzazindikira chitsulo chitayamba kale kudya disiki. Ndalama imene idapulumutsidwa pachishango imakathera pamapadi ndi disiki.

Chifukwa chenicheni chimene amakaniko amachidulira si ulesi wokha. Kusintha chishango ndi ntchito yaikulu kuposa mtengo wa chitsulocho. Galimoto imakwezedwa ndi jeke n'kuikidwa pachochirikiza cholimba, osati pajeke pokha kapena panjerwa. Tayala likachoka, amamasula kalipa, chitsulo chija chogwira mapadi, n'kuchikoleka ndi waya kuti chisalendewere papaipi ya mafuta a mabuleki. Kenaka disiki imachoka. Pagalimoto zina chishango chimatuluka pomwepo. Koma pa zambiri chimakhala kuseri kwa habu, pamene tayala limamangidwa, ndipo bowo lake ndi laling'ono moti sichingadutse habuyo isanachoke. Ngati beringi yake ndi yochita kukanikizira ndi makina, kutulutsa habu kumaiwononga, choncho pamafunikanso beringi yatsopano.

N'chifukwa chake nthawi yabwino yosinthira chishango ndi pamene mukusintha beringi, poti zonse zimakhala zamasulidwa kale. Amene galimoto yake yayamba kulira beringi, pokagula ina m'masitolo a ku Biwi kapena kwina mumzinda wa Lilongwe, afunsiretu za chishango. Kwa mitundu ina ya galimoto kuli zishango zogawika pawiri, zimene zimalowa popanda kuchotsa habu. Chishango chochotsedwa pagalimoto yophwasulidwa nachonso chimagwira ntchito, malinga muchigogode kaye n'kuona ngati dzimbiri silidalowe mkati, kenaka muchipale n'kuchipaka penti yopirira kutentha. Kuwotcherera chigamba pachitsulo chodyeka sikukhalitsa, moto umangochiboola. Ndipo mbali imodzi ikatha, inayo imakhala ili m'njira, poti zonse zidayenda m'matope amodzi.

Zonse zikabwezeretsedwa, tayala lizungulizidwe ndi dzanja kuti mumve ngati palibe pokhudza. Girizi kapena oyilo zisagwere padisiki. Musananyamuke, pondani buleki kangapo mpaka ilimbe, chifukwa kalipa ikangobwezeretsedwa kuponda koyamba kumatha kupita pansi osagwira kanthu.

Kumbuyo nkhani yake ndi ina, ndipo apa pasakhale chibwana. Galimoto zing'onozing'ono zambiri zili ndi mabuleki a dilamu kumbuyo. Chitsulo cha kuseri kwa dilamu chimaoneka ngati chishango, koma ndicho chimanyamula zipangizo zonse za buleki yakumbuyo. N'chimodzimodzinso pagalimoto zina za disiki kumbuyo, zimene buleki yamanja imakhala mkati mwa disikiyo: timisomali togwira zipangizo zake timakoleka pachitsulo chomwechi. Dzimbiri likakulitsa mabowo a timisomalito, zipangizo zimamasuka, buleki yamanja imaleka kugwira, ndipo nthawi zina tayala limatha kumangika galimoto ikuyenda. Chitsulo chimenechi sichidulidwa, sichigambidwa. Chikadyeka chimasinthidwa basi, ngakhale pepala la COF litakhala kuti lidakali ndi miyezi.

Potsuka galimoto m'dzinja, madzi azifika kuseri kwa matayala kuti matope achoke, osati pamwamba pokha pamene anthu amaona. Koma dikirani disiki izizire kaye. Madzi ozizira pachitsulo chotentha amatha kuchipotoza, ndipo mukatero chiwongolero chimayamba kunjenjemera nthawi iliyonse mukaponda buleki.