Amayi omwa tamoxifen, musathere mpamba pa timabotolo

Msika wa fodya wa Chinkhoma ukangotsegulidwa, ndalama zimayamba kuyenda kwa Mwase ndi m'misika ina ya ku Kasungu. Nawonso ogulitsa gondolosi ndi timabotolo ta "mphamvu za m'nyumba" amachuluka. Ena mwa ogula ndi amayi a geni amene akulandira chithandizo cha khansa ya m'mawere, ndipo apa ndi pomwe mpamba ukutayikira.

Nkhani yake ili motere. Mitundu ina ya khansayi imakula chifukwa cha homoni yachikazi yotchedwa estrogen. N'chifukwa chake madokotala, monga a ku Kamuzu Central ku Lilongwe, amapereka piritsi la tamoxifen, lomwa tsiku lililonse kwa zaka 5, mwina mpaka 10, kuti litchinge homoniyo ndipo nthendayo isabwerere. Vuto ndi lakuti homoni yomweyo ndi imene imanyowetsa malo obisika. Mayi amatha kumva kutentha thupi mwadzidzidzi, kuuma, kupweteka pokhala malo amodzi ndi bambo, ndipo chilakolako chimachepa. Kwa amene anasiya kusamba n'kupatsidwa anastrozole kapena letrozole, kuumako kumanyanya.

Abambo, mayiwo sanakutopeni ndipo palibe wawalodza. Ndi mankhwala.

Kabotolo ka pamsika sikabwezeretsa homoni imene dokotala akuitchinga dala. Zoika kumaliseke zija, zomwe amati zimathinitsa, ndiye zimangowonjezera zilonda. Choopsa kwambiri ndi kusiya mapiritsi pofuna kusangalatsa banja. Khansa ikabwerera, maulendo a ku Lilongwe, mtunda woposa makilomita 120, amatha kudya benchi yonse ya tomato, osanena za moyo.

Chothandiza n'chotsika mtengo: mafuta otereretsa opangidwa ndi madzi, monga K-Y Jelly, opezeka m'mafamase. Vaseline ayi, amang'ambitsa kondomu. Ndipo kondomuyo kapena lupu yopanda mahomoni n'zofunika, chifukwa tamoxifen angathe kuvulaza mwana wam'mimba, pomwe jakisoni ndi mapiritsi olerera sayenerana ndi khansayi.

Mukapita kukatenga mankhwala, auzeni anamwino zonse popanda manyazi. Nthawi zina dokotala amatha kusintha mtundu wa piritsi. Koma mukaona magazi kumaliseche mutasiya kale kusamba, kapena mwendo umodzi watupa n'kumapweteka, siyirani mnzanu benchi, mupite ku chipatala chachikulu cha Kasungu tsiku lomwelo.