Mivi Yosalasa Munthu

Tikagwira ndalama yachitsulo timayesa kuti inali yozungulira chiyambire. Sichoncho ayi. Zaka zoposa 500 Khristu asanabadwe, Agiriki ochokera ku Miletus anali atamanga mizinda ya Olbia ndi Histria m'mbali mwa nyanja ya Black Sea. Pafupi ndi Olbia pankakhala Asukuti, akatswiri a uta, amene ankabwera ndi tirigu nalandira vinyo ndi mafuta a azitona.

M'mizindayi anthu ankasungunula mkuwa ndi kuumba timivi tobuntha, tongogulira malonda basi. Pambuyo pake eni Olbia anaumba ndalama zofanana ndi dolphin, nyama ya m'nyanjamo yooneka ngati nsomba.

Taonani: muvi umene ukadalasa mnansi unasanduka chogulira chakudya, popeza wogula ndi wogulitsa anakhulupirirana.