Ndodo inalephera, usipa unatheka

Mwezi wa Juni ndinatenga kagalu kwa mnzanga wa pa Sharpevale kuti kakakula kazidzalondera mbuzi. Sabata yoyamba kanaipitsa pakhonde pomwe mwana wanga wa miyezi 10 amakwawa. Ndinada nkhawa, chifukwa chimbudzi cha galu chimakhala ndi mazira a njoka zam'mimba, pomwe khanda limaponya chilichonse mkamwa.

Aneba anati, "Aphunzitsi, kakanikizeni mphuno pomwe kaipitsapo, mukakwapule." Ndinayesadi. Kagaluko kanangoyamba kundiopa, n'kumakaipitsa mobisala pansi pa thandala la mbale.

Ndinasintha njira. Ndinasankha malo amodzi kudzala. Kakangodzuka kapena kumaliza kudya, ndinkapita nako kumeneko pachingwe n'kudikira. Kakadzithandiza, ndinkakapatsa kausipa nthawi yomweyo. Pakhonde ndinakolopa ndi sopo, poti galu amabwerera pomwe pali fungo lake. Patatha masabata atatu, kanayamba kupita kokha.

Ntchito yanditsalira ndi imodzi: m'mawa uliwonse, ndisanapite kusukulu, ndimawola ndi fosholo n'kukwirira. Inu amene mwatenga kagalu pakhomo pali ana, yambani tsiku loyamba lomwelo.