Kuika Cholinga Mukalowa M'gulu la Majowajowa la pa Foni

Mnzanu wakulowetsani m'gulu la pa WhatsApp la anthu olimbitsa thupi. Musanalonjere n'komwe, foni yadzaza kale. Wina watumiza chithunzi thukuta lili kamukamu, wina akuti wathamanga makilomita 10 kusanache, winanso akufunsa komwe angagule tiyi wochepetsa mimba. Kenako a admin akulemba kuti, "Takulandirani. Tatiuzeni, cholinga chanu n'chiyani?"

Ambiri amayankha kuti akufuna kukhala fiti kapena kuchepetsako thupi. Mayankho amenewa amachokera pansi pa mtima, koma samuuza munthu choti achite kukacha mawa. N'chifukwa chake wina amayamba ndi moto sabata yoyamba, yachiwiri miyendo ili kuphwanya, yachitatu wangoti zii m'gulumo. M'nkhani ino tiona momwe mungaikire cholinga chogwirizana ndi moyo wanu, ndiponso momwe gulu lingakuthandizireni kuti musasiyire panjira. Zitsanzo zathu tizitenga m'boma la Mwanza.

Yambirani pomwe muli

Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'boma la Mwanza muli anthu oposa 130,000, ndipo matupi awo sagwira ntchito mofanana. Mlimi wa ku Thambani kapena wa kwa Kanduku amaunga mizere dzuwa lisanakwere, amatunga madzi, amaswa nkhuni, ndipo nyengo ya manachesi ikafika amasenza madengu mpaka kumsewu. Koma pitani pa boma kapena pa boda yotulukira ku Zobue. Mukapeza dalaivala wa thiraki yemwe wakhala pampando kuchokera ku Tete, mnyamata woombola katundu ali pa kompyuta tsiku lonse, mayi wa mu golosale yemwe amangoimirira akabwera kasitomala, ndi wa mu ofesi amene anasiya kuyenda wapansi kuyambira pomwe njinga zamoto za kabaza zinachuluka.

Anthu onsewa akhoza kukhala m'gulu limodzi la pa foni, koma sangakhale ndi cholinga chimodzi. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limawerengera ntchito iliyonse yogwedeza thupi: kulima, kupalasa njinga, kuyenda kupita kumsika, kusinja, ngakhale kuvina. Choncho mlimi amene ali pakati pa kupalira alibe chifukwa chochitira manyazi kuti sanathamange. Iye angafunike cholinga cha miyezi imene ntchito yakumunda yachepa. Wa mu ofesi ndi dalaivala ndiwo ayenera kuyamba ndi kuchepetsa nthawi yongokhala.

Musanalonjeze kalikonse m'gulu, dzipatseni sabata imodzi yongodziyang'ana. Tengani kope, madzulo aliwonse lembani mphindi zomwe mwayenda kapena kugwira ntchito yotulutsa thukuta, ndi maola omwe mwangokhala. Musasinthe kanthu sabata imeneyo. Zomwe mudzapeze m'kopemo ndiwo maziko a cholinga chanu.

Muyezo wodalirika

Malangizo omwe WHO inatulutsa mu 2020 amati munthu wamkulu azichita masewero olimbitsa thupi apakatikati kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, kapena amphamvu kwambiri kwa mphindi 75 mpaka 150. Amatinso azichita zolimbitsa minofu masiku awiri kapena kuposera apo pa sabata. Ana a zaka 5 mpaka 17 amafunika pafupifupi ola limodzi pa tsiku. Mphindi 150 zimaoneka zambiri, koma mukazigawa ndi theka la ola chabe kwa masiku asanu. Malangizo omwewo amatsindika kuti kuchitako pang'ono kuli bwino kusiyana ndi kungokhala.

Kuti mudziwe mlingo womwe mukuchitira simufunika makina. Ngati mukuyenda ndawala, mukupuma mofulumirako, mukutha kucheza ndi mnzanu koma simungathe kuimba nyimbo, muli pakatikati. Ngati mukungotha kutchula mawu awiri kapena atatu kenako n'kupuma, mwalowa m'masewero amphamvu.

Pali chinthu chimodzi choyenera kuchita musanayambe: kayezetseni kuthamanga kwa magazi. Kafukufuku wa STEPS yemwe anachitika m'Malawi mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. Matendawa sasankha onenepa okha. Amagwira ngakhale munthu wochepa thupi yemwe amalima tsiku ndi tsiku. Pitani ku chipatala chachikulu cha Mwanza kapena chaching'ono chomwe muli nacho pafupi, ndipo ngati kuli kotheka muyezetsenso shuga. Nambala zikafika pa 140/90 kapena kupitirira, kambiranani ndi achipatala za masewero omwe angakuyeneni. Chitani chimodzimodzi ngati muli oyembekezera, muli ndi vuto la mtima kapena mwangochira kumene.

Cholinga chomwe chimauza munthu chochita

Akatswiri awiri a za kaganizidwe ka munthu, Edwin Locke ndi Gary Latham, anafufuza nkhani ya zolinga kwa zaka zambiri. Anapeza kuti munthu yemwe ali ndi cholinga chotchulika bwino komanso chovutirako amachita bwino kuposa yemwe wangouzidwa kuti ayesetse momwe angathere. Mu 1981, George Doran analemba njira yomwe lero imadziwika kuti SMART, ndipo mudzaimva ikutchulidwa m'magulu ambiri. M'mene anthu amaigwiritsira ntchito masiku ano, imati cholinga chikhale cholunjika, chotheka kuchiwerengera, chotheka kuchikwanitsa, chogwirizana ndi moyo wa mwini wake, komanso chokhala ndi tsiku lothera.

Tiyerekeze mayi wina wogulitsa mu golosale pa boma. Kope lake laonetsa kuti amayenda mphindi 10 zokha pa tsiku. Poyamba analemba m'gulu kuti, "Ndikufuna mimbayi ibwerere." Atathandizidwa analembanso motere: "Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu ndizinyamuka 5:30 m'mawa, ndiziyenda ndawala mphindi 20 ndisanatsegule golosale. Ndichita zimenezi kwa masabata anayi, ndipo ndiziuza gulu ndikabwerako." Uthenga wachiwiriwu ukutchula tsiku, nthawi, kutalika kwake ndi pothera. Lachisanu madzulo mayiyu adziwa yekha ngati wakwanitsa, osachita kufunsa munthu.

Onaninso kuti cholingachi chikunena zomwe iye achite, sichikunena za sikelo. Kulemera kwa thupi kumakwera ndi kutsika malingana ndi madzi, chakudya, mankhwala ena ndi nyengo ya msambo. Munthu akhoza kuyenda mokhulupirika mwezi wathunthu sikelo osasuntha, chonsecho mtima wake ukulimba ndipo tulo akugona tabwino. Wodalira sikelo yokha amagwa ulesi msanga. Ngati kuchepetsa thupi n'kofunikadi, akatswiri a zaumoyo amati kutaya theka la kilogalamu mpaka kilogalamu imodzi pa sabata ndi liwiro loyenera, ndipo pamafunika kusinthanso kadyedwe. Apanso cholinga chizitchula chochita: kuchepetsa masupuni a shuga mu tiyi, kudya pachiwaya kamodzi pa sabata m'malo mwa tsiku lililonse, kapena kuchotsa mchere wapatebulo, popeza WHO imati mchere usafike magalamu asanu pa tsiku.

Katswiri wina, Peter Gollwitzer, anaonetsa kuti anthu amakwaniritsa zolinga mosavuta akakonzeratu chochita pamene vuto labwera. Choncho pansi pa cholinga chanu lembani mzere wina woyamba ndi mawu akuti "ngati". Ngati kwacha ndi mvula, ndichita majowajowa pakhonde mphindi 15. Ngati thiraki yachedwa pa boda, ndiyenda mozungulira pamalo oimikapo m'malo mogona m'galimoto. Ngati kwagwa maliro, ndiyambiranso tsiku lotsatira tikaika.

Nkhani ya masitepe 10,000

M'magulu ambiri mudzaona anthu akutumiza zithunzi za masitepe omwe foni yawerenga, ndipo nambala yotchuka ndi 10,000. Nambalayi inafala kuchokera ku Japan m'zaka za m'ma 1960, pamene kampani ina inkatsatsa kachipangizo kowerengera masitepe. Mu 2019, kafukufuku wotsogoleredwa ndi I-Min Lee wa ku Harvard pa amayi achikulire anapeza kuti phindu linkayamba kuoneka pa masitepe ochepera 10,000, ndipo linkakula mpaka pafupifupi 7,500 pa tsiku. Ngati foni yanu ikuonetsa 3,000, yambani ndi kuonjezera 1,000. Kumbukiraninso kuti foni yosiyidwa pa tchaja kapena m'thumba lopachika pamtengo siwerenga mizere yomwe mwaunga. Amene foni yake ilibe pulogalamu yotere angowerengera mphindi, ndipo sakutsalira pa chilichonse.

Ntchito ya gulu

Amene analowapo banki m'khonde amadziwa chinsinsi chake. Chomwe chimakulitsa thumba ndi kusonkha kwa sabata ndi sabata, aliyense monga mwa mphamvu zake, pamaso pa anzake omwe amadziwa zomwe analonjeza. Gulu labwino la majowajowa limayenda chomwecho. Aliyense amalemba cholinga chake Lamlungu madzulo, amanena mwachidule akachita, ndipo sabata ikatha onse amaona pomwe afika. Uthenga wake sufunika kutalika: "Lachitatu, mphindi 20, zatheka." Mawu ochepa chonchi sadya bandulo, ndipo amadutsa ngakhale komwe netiweki imavuta.

Sankhani munthu mmodzi m'gulumo woti muziyang'anirana. Gulu la anthu 80 silingazindikire kuti mwasowa, koma mnzanu mmodzi adzaimba n'kufunsa kuti, "Achimwene, lero bwanji sitinakumveni?" Zikatheka akhale wokhala naye pafupi, kuti nthawi zina muziyendera limodzi.

Gulu lilinso ndi misampha yake. Woyamba ndi mpikisano. Mnyamata wa zaka 22 yemwe akukonzekera mpikisano wa Porters Race wa pa phiri la Mulanje akatumiza makilomita ake, bambo wa zaka 50 yemwe wangoyamba dzana asayese kufanana naye, chifukwa mathero ake ndi bondo lotupa. Dziyerekezeni ndi zomwe zili m'kope lanu la sabata yoyamba. Msampha wachiwiri ndi amalonda a tiyi, mapiritsi ndi malamba omwe amati amasungunula mafuta m'masiku ochepa. Musamwe chinthu chomwe simukudziwa zomwe zili mkati mwake, ndipo musasiye mankhwala a BP, a shuga kapena ma ARV chifukwa cha uthenga wa pa foni. Wachitatu ndi zithunzi. Chithunzi chikachoka m'foni mwanu simungachiitanenso, choncho palibe amene ayenera kukakamizidwa kuonetsa thupi lake, zotsatira za kuchipatala kapena njira yomwe amadutsa m'mamawa. A admin anzeru amalemba malamulo amenewa poyera gulu likamayamba.

Nyengo ndi msewu

Cholinga chizitsata kalendala ya kwanu. Mu Okutobala ndi Novembala dzuwa limaswa mtengo, ndiye yendani m'mamawa kapena madzulo mutatenga madzi akumwa. Kuyambira Disembala mpaka Malichi mvula ndi ntchito yakumunda zimasintha zonse, ndipo mzere uja wa "ngati" ndi pomwe umagwira ntchito. Juni ndi Julayi kumazizira, choncho yambani pang'onopang'ono kwa mphindi zisanu kuti thupi litenthe musanaonjezere liwiro.

Msewu wa M6 wochokera ku Zalewa kupita ku boda umadutsa mathiraki akuluakulu usana ndi usiku. Ngati n'kotheka sankhani bwalo la mpira la pasukulu kapena njira yafumbi. Mukakakamizika kuyenda m'mbali mwa tala, khalani kudzanja lamanja kuti muziona galimoto zomwe zikubwera kutsogolo kwanu, valani chovala chowala, ndipo musatseke makutu ndi nyimbo. Amayi ndi atsikana aziyenda awiri kapena atatu, makamaka kukadali kamdima. Kulikonse komwe muli, mukamva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena kubanika kwachilendo, imani pomwepo ndipo pitani kuchipatala.

Masabata anayi akatha

Mwina munamvapo kuti chizolowezi chimakhazikika m'masiku 21. Kafukufuku wa Phillippa Lally ndi anzake a ku University College London anapeza kuti kwa omwe anawafufuza nthawi yapakatikati inali masiku 66, ena mofulumira, ena mochedwa kwambiri. Anapezanso kuti kuphonya tsiku limodzi sikuononga chizolowezi chomwe chikumera. Choncho mukadumphitsa Lachitatu musatuluke m'gulu chifukwa cha manyazi. Nenani kuti mwaphonya, Lachisanu mudzuke.

Pakutha pa masabata anayi tsegulani kope muwerenge. Ngati mwakwanitsa masiku ambiri mosavutika, onjezerani chinthu chimodzi chokha: mphindi zisanu pa ulendo uliwonse, kapena tsiku lachinayi, kapena zolimbitsa minofu monga kunjuta ndi kudzuka kakhumi mutagwira mpando. Ngati mwakwanitsa osafika theka, vuto lili pa cholingacho, ndipo muchichepetse kapena musinthe nthawi yake. Akuluakulu anati tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Mayi wa mu golosale uja akamaonjezera pang'ono mwezi uliwonse, mphindi 60 zomwe anayamba nazo pa sabata zidzafika pa 150 chaka chisanathe, bondo lili bwinobwino. Pamenepo akayezetsenso BP, alembe nambala yatsopanoyo pafupi ndi yoyamba ija, ndipo cholinga chotsatira achiike potengera zomwe zatuluka.