Chingwe Chimene Chimawongola Nyumba

Fodya akagulitsidwa, mabanja ambiri ku Mitundu ndi ku Nathenje amaotcha njerwa n'kuyamba kumanga. Koma kodi ndi kangati taona nyumba yokhota, malata osakhala bwino padenga, ndalama za chaka chonse zitalowa m'madzi? Kawirikawiri vuto limayambira pa maziko.

Mmisiri wodziwa ntchito amakhoma chikhomo pakona, n'kuyeza mamita 3 mbali ina ndi mamita 4 mbali inayo. Kenaka amakoka chingwe kuchokera pansonga ina kufika pa inzake. Chikakwana mamita 5 ndendende, ndiye kuti kona yaima bwino pa madigiri 90. Ana athu amaphunzira lamuloli kusukulu m'dzina la Pythagoras wa ku Greece: 3 kuchulukitsa ndi 3 ndi 9, 4 kuchulukitsa ndi 4 ndi 16, zonse pamodzi 25, chimodzimodzi 5 kuchulukitsa ndi 5.

Makona onse anayi akatero, makoma oyang'anizana amayenda ngati njanji, osayandikirana, osatalikirana. Pofuna kutsimikiza, tiyeze mopingasa kuchokera pakona ina kufika pa yakutali, kawiri. Miyeso iwiriyo iyenera kufanana.

Padenga nzeru ndi yomweyo. Mitengo inayi yokhomedwa nsonga ndi nsonga imapendekeka ikakankhidwa, koma itatu siisintha maonekedwe. N'chifukwa chake chigafa cha fodya timachilimbitsa ndi mtengo wopingasa.

Tsono makolo anzathu, tsiku loyeza maziko tisamuthamangitse mwana. Timupatse chingwe agwire, aone kuti masamu a m'kope lake ndiwo akuteteza thukuta la banja.