Mtengwa ndi Poto wa Kondoole

Mkazi amene anakulira kumapiri a Ntchisi akakwatiwa ku Linga, kapena m'midzi yozungulira nyanja ya Chia, amafika ali wodzidalira. Nsima ya ufa woyera anayamba kuphika ali kamtsikana, ndipo mthiko amaudziwa bwino. Tsono tsiku limene apongozi ake ampatsa lichero la ufa wa chinangwa nanena kuti, "Mwananga, tatiphikirani kondoole," ndi pamene amazindikira kuti sukulu yayambanso.

Iye amachita monga anazolowera: amayamba ndi phala, nalidikira kuti libwate. Koma kondoole safuna zimenezo. Madzi ayenera kuwira okha, poto aphulidwe pamafuwa, ufa uthiridwe, ndipo wophika avundule msanga ndi mphamvu zonse atapana poto ndi mapazi. Wochedwa manja amaomola nsima ya mibulu, yokhala ndi ufa wosapsa mkati. Nthawi zina mthiko umathyokera momwemo. Ndiwo nazo zili ndi misampha yake. Potumbula chambo ndulu ikaphulika, nsomba imawawa. Usipa wouma ukapanda kutsukidwa bwino ndi madzi ofunda, banja limatafuna mchenga wa kugombe. Pamenepo ana amaseka, alamu amayang'anana, ndipo mtengwa amakalirira kukhitchini nanamizira utsi.

Zimenezi ndi zochititsa manyazi ndithu, koma palibe anagonekedwapo m'chipatala chifukwa cha mibulu. Chodandaulitsa ndi chakuti zolakwa zimene timakalipira kwambiri ndi zosaopsazi, pamene zoopsa zenizeni zimachitika mwakachetechete, kawirikawiri chifukwa wophunzirayo akufulumira poopa kutonzedwa.

Choyamba chimachitika moto usanakolezedwe n'komwe. Chinangwa chilipo cha mitundu iwiri: chozizira, monga manyokola, ndi chowawa, monga gomani, chimene anthu a kunyanja amakonda kupangira ufa. Chowawachi chili ndi poizoni wambiri wotchedwa sayanaidi. Makolo athu anaidziwa njira yomuchotsera kalekale: kusenda, kuviika m'madzi mpaka chinangwa chifewe ndithu chakuti n'kuphwanyika ndi zala, kutsuka, kuyanika mpaka chiumitsitse, kenaka n'kusinja. Kuviikaku kumatenga masiku 3 mpaka 5, ndipo m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julaye kumachedwerapo. Wophunzira akaona kuti ufa watha m'nyumba, ndipo alendo ali pafupi kufika, amavuula chinangwa pa tsiku lachiwiri chikadali cholimba pakati. Ufa wake umaoneka woyera bwinobwino. Koma patapita maola angapo banja litadya, ena amamva mutu ndi chizungulire, ena amasanza ndi kupotokola m'mimba, ndipo ana aang'ono ndiwo amafooka msanga. Oterewa athamangitsireni kuchipatala, ndipo mukafotokoze chimene adya.

Anansi athu a ku Mozambique anaona kuopsa kwake m'chaka cha 1981. Chilala chitagwa m'chigawo cha Nampula, anthu anadalira chinangwa chowawa chokonzedwa mwachidule, ndipo oposa 1,000, makamaka amayi ndi ana, anauma miyendo ndi nthenda yotchedwa konzo, imene sichiritsika. Anthu amenewa analibenso ndiwo zomanga thupi. Apa tiyamikire nyanja yathu, pakuti usipa ndi utaka zimene timadyera kondoole zimathandiza thupi kuchotsa poizoni wotsalira pang'ono. Komabe nsomba sizingalowe m'malo mwa kuviika kokwanira. Madzi oviikira chinangwa atayidwe kutali ndi ana ndi ziweto. Chigwada nacho chisinjidwe bwino ndi kuwiritsidwa nthawi yaitali, mphika uli wosavundikira.

Chachiwiri ndi moto. Taganizirani bwino za kaphikidwe ka kondoole: madzi owira ali pansi, pakati pa mapazi a munthu amene sanazolowere, mwina ali ndi khanda kumbuyo, ndipo mwana wina akukwawa pafupi. Poto akangopendekeka, madziwo amathera pamiyendo. Woyamba kumene aphike m'poto wamng'ono, wina amgwirire, ndipo ana akhale ndi wowayang'anira kunja mpaka nsima iomoledwe. Chitenje chimangidwe molimba, nsonga yake isalendewere pamafuwa. Mafuta okazingira nsomba akayaka musathirepo madzi, chifukwa moto umalumpha. Vundikirani chiwayacho ndi chivindikiro. Ndipo m'banja mukakhala munthu wodwala khunyu, asaphunzire kuphika ali yekha pamoto.

Munthu akapsa, pamabwera aphungu ambiri. Wina amati dzira, wina mchere, wina mafuta ophikira, winanso mankhwala otsukira mano. Zonsezi zikaneni, pakuti zimatsekera kutentha m'thupi ndi kulowetsa tizilombo pachilonda. Chofunika ndi madzi oyera ozizira, othiridwa pamalo opsawo mosalekeza kwa mphindi 20. Madzi a pampopi kapena a pamjigo ndiwo abwino koposa a m'mphepete mwa nyanja momwe anthu amachapira. Vulani mphete ndi zibangili malowo asanatupe, koma nsalu imene yamatirira pakhungu musaikoke. Matuza musawaboole. Phimbani ndi nsalu yoyera yochapa, ndipo ngati wapsayo ndi mwana, mfunditseni mbali zina za thupi kuti asazizidwe.

Chilonda chikakula kuposa chikhatho cha wapsayo, kapena chikakhala kumaso, m'manja, kumapazi kapena kumalo obisika, mupite naye tsiku lomwelo kuchipatala cha boma cha Nkhotakota, ku St Anne's, kapena kuchipatala chaching'ono chimene muli nacho pafupi. Mwana wamng'ono apite ngakhale chilondacho chioneke chochepa. Ndipo inu apongozi, mtengwa akamavala chitenje chofika pansi namayenda motsimphina, musangoyang'ana: mumfunse mofatsa, pakuti ambiri amabisa chilonda cha moto masiku angapo mpaka chichite mafinya, kuopa kuti mudzi ungamve kuti anagwetsa poto.