Penti yosawala pa fumbi la ku Neno: madzi atsogole, dzanja litsatire

Achimwene anga atagula pikapu yawo yoyamba ku Blantyre, chimene chinawakopa sichinali injini yokha ayi. Inali penti. Yakuda bii koma yosawala, maonekedwe amene achinyamata amawatcha matte. Galimotoyo anaigulira ntchito: kunyamula mbatata ya kachewere ndi manachesi kuchokera kumapiri kwathu ku Neno kupita nazo pa Zalewa ndi ku Blantyre. Koma ikangoima pamsika, anyamata ankaizungulira n'kumaijambula pafoni.

Sipanathe milungu itatu. Loweruka lina anaisiya pamalo ena otsukira magalimoto, iwo n'kupita kokadya nsima. Mnyamata wotsukayo, munthu wakhama ndithu, ataona kuti galimoto yayera koma sikuwala, anaganiza kuti ntchito sinathe. Anatenga polishi ndi kansalu n'kuyamba kukwecha pa boneti ndi mphamvu zake zonse. Achimwene pobwera anapeza chigamba chowala ngati dazi, chachikulu ngati mbale ya nsima, pakati penipeni pa boneti. Mnyamata uja ali mwee, kudikira kuyamikiridwa.

Chigamba chimenecho chilipo mpaka lero. Wopenta magalimoto amene anakamuona ku Limbe anawauza mosabisa kuti palibe mankhwala obwezera maonekedwe akale. Njira ndi imodzi basi: kupenta boneti yonse mwatsopano. Ndalama imene anatchula inaposa phindu la maulendo angapo a mbatata.

Nkhaniyi si ya eni magalimoto okha. Njinga zamoto zambiri zimene zikubwera masiku ano zili ndi thanki kapena mapulasitiki a m'mbali osawala, ndipo anyamata a kabaza ena amapopera okha penti yakuda pa njinga zawo kuti zioneke zamakono. Ngati muli ndi chimodzi mwa zimenezi, kapena mukusunga ndalama kuti mugule, pali chinthu chimodzi choti mudziwe msanga: penti imeneyi imadana ndi kukwecha.

Bwanji siwala?

Penti ya galimoto imakhala yosanjikizana. Pansi pali yogwira chitsulo, pakati pali ya mtundu umene timauona, ndipo pamwamba pali ina yoonekera mkati imene openta amaitcha clear coat. Pa galimoto wamba, yapamwambayi imakhala yosalala kwambiri, moti kuwala kukagwerapo kumabwerera mbali imodzi ngati pagalasi. Pa matte, yapamwambayi anaipanga dala kuti ikhale ndi timabampu ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso. Timabamputo timamwaza kuwala uku ndi uku, n'chifukwa chake simudzionapo nkhope.

Amene munaonapo agogo akukulungiza mphika wadothi ndi kamwala mwamvetsa kale. Dothi lokhakhala likatikitidwa nthawi yaitali limasalala n'kuyamba kunyezimira. Polishi amachitanso chimodzimodzi: amadya timabampu tija. Wax satidya, koma amadzaza mipata ya pakati pake, ndipo zotsatira zake n'zofanana, malo ena owala, ena osawala.

Apa ndiye pali kusiyana kwakukulu. Galimoto yowala ikakalika pang'ono, wodziwa ntchito amapalapo ndi polishi, chikande chija n'kuzimiririka. Ya matte ikakalika, ukati upalepo ndiye wawonjezera vuto. Ngakhale makampani akuluakulu amadziwa zimenezi. BMW imatcha penti yake yosawala kuti Frozen, Mercedes-Benz imati Magno. Mu 2010 BMW itagulitsa ku America magalimoto 30 okha a M3 a penti ya Frozen Gray, ogula ankasainira kaye pepala lovomereza kuti amva malamulo a kasamalidwe kake.

Dziwani kaye chimene muli nacho

Si chilichonse chosawala chimene chili matte yeniyeni. Pali penti yochokera nayo kufakitale kapena yopentedwa bwino kugalaja, ya clear coat yosawala. Pali chipepala cha pulasitiki chomata pamwamba pa penti, chimene amati wrap. Mukayang'ana m'mphepete mwa chitseko mudzaona pamene chathera. Pali penti yopopera ya m'kachitini, imene nthawi zambiri ilibe chotetezera pamwamba, choncho siichedwa kusuluka kapena kusungunuka ikakumana ndi petulo. Ndiye pali galimoto yakale imene inali yowala koma dzuwa linaiwaula. Imeneyo si matte, yangotopa basi, ndipo polishi akhoza kuithandiza.

Pogula galimoto kapena njinga yogwiritsidwapo kale ntchito, funsani. Pajatu safunsa anadya phula. Funsaninso ngati mtundu umene mukuuonawo ndi womwe unalembedwa m'mapepala a ku Road Traffic, chifukwa penti yosawala kawirikawiri imakhala yochita kusintha pambuyo pake.

Neno sachitira chisoni penti

Boma lathuli, limene linapatuka ku Mwanza mu 2003, lili ndi nyengo ziwiri m'boma limodzi. Kumtunda, cha ku Dambe, Matandani ndi pa boma, kuli mapiri, kozizira, ndipo misewu yambiri yolowa m'midzi ndi yadothi. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala fumbi lake limalowa paliponse; mvula ikayamba limasanduka matope omata ngati phala. Kumunsi, cha ku Lisungwi, Matope ndi Zalewa, kufupi ndi mtsinje wa Shire, dzuwa limaswa mtengo. Boneti yakuda masana simungaigwire ndi dzanja.

Fumbi limene timaliona ngati ufa lili ndi timchenga tolimba. Tsono taonani chizolowezi chathu. Wa kabaza akafika pa siteji, amasolola kansanza pansi pa mpando n'kupukuta thanki youma kuti kasitomala aone njinga yaukhondo. Woyendetsa galimoto naye m'mawa amaphumula boneti ndi chiguduli. Kansanza kouma pa fumbi louma ndi sandipepala. Tsiku limodzi simuona kanthu. Pakatha miyezi itatu mudzaona kuti pamene dzanja limadutsadutsa payamba kunyezimira, ndipo kunyezimira kumeneko sikuchokanso.

Choncho lamulo loyamba n'losavuta koma limafuna kudziletsa: ngati mulibe madzi, lisiyeni fumbilo. Galimoto yafumbi ndi yabwinobwino kuposa yopukutidwa pouma.

Katsukidwe kake

Sankhani nthawi ndi malo. M'mawa kwambiri kapena madzulo, pamthunzi, chitsulo chitazizira. Mukatsuka pa dzuwa la ku Zalewa, sopo amauma musanatsukuluze n'kusiya mawanga, ndipo pochotsa mawangawo mudzayamba kukwecha kumene tikukuletsaniku.

Konzani ndowa ziwiri za malita 20 ndi madzi ena otsukuluzira. Ndowa yoyamba ikhale ya madzi a sopo, yachiwiri ya madzi okhaokha. Ngati madzi mwatunga kumtsinje, asiyeni adikhe kaye kuti mchenga ukhale pansi, kenaka tsanulani apamwambawo kudzera pa nsalu yoyera. Musalowetse galimoto kapena njinga mu Lisungwi kapena mu Mkulumadzi kuti mutsukire momwemo. Madzi oyenda amakhala ndi mchenga, komanso oilo ndi sopo wanuyo akupita kwa anthu a kumunsi amene akuchapa, kusamba ndi kumwetsa ziweto pomwepo.

Yambani ndi kuthira madzi okha, kuchokera padenga kutsika pansi, osakhudza ndi dzanja. Matope ouma a m'mbali anyowetseni, dikirani mphindi zingapo, thiraninso mpaka agwe okha. Musawakande ndi chikhadabo kapena kamtengo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mukatero tengani kansalu kofewa ka microfibre, kamene kamapezeka m'masitolo a zipangizo za magalimoto ngakhalenso m'mashopu akuluakulu. Kaviikeni m'madzi a sopo, yendetsani mopepuka pa chigawo chimodzi, mzere wowongoka, osati mozungulira. Musanakabwezere mu sopo, katsukuluzeni mu ndowa yachiwiri ija kuti mchenga utsale mmenemo. Ntchito ya ndowa yachiwiri ndi imeneyo. Madzi ake akada, tayani muthire ena. Kansalu kakagwa pansi, musapitirize nako; kachapeni kaye.

Matayala ndi kunsi kwa zitseko tsukani pomaliza, ndi kansalu kena ndi madzi ena. Kumeneko n'kumene kumakhala mchenga wambiri ndi fumbi la mabuleki.

Pomaliza tsukuluzani bwinobwino, ndipo musaisiye kuti iume yokha. Madzi a mijigo ina, makamaka kuchigwa, amakhala ndi mchere umene umatsala ngati timadontho toyera madziwo akauma. Tengani kansalu kena kouma, kayaleni pa penti, dinikizani pang'ono kuti kamwe madzi, nyamulani, pitani pena. Kuumitsa kwake n'kothimbirira chonchi, osati kokokeza.

Ngati kumene mumatsukitsa ali ndi makina opopera madzi mwamphamvu, n'zothandiza pochotsa matope popanda kukhudza, koma mpopewo ukhale patali, pafupifupi kutalika kwa mkono kuchokera pachigongono kufika kunsonga ya zala. Pa wrap usalunjike m'mphepete, chifukwa madzi akalowa pansi chipepalacho chimayamba kumatuka.

Nanga sopo?

Apa ndi pamene ambiri timagwa. Sopo waufa wochapira zovala ndi wamphamvu kwambiri, ndipo timibulu take tosasungunuka timakanda. Akauma amasiya mizere yotuwa imene pa penti yakuda imaoneka patali. Sopo woyenera ndi wamadzimadzi wotsukira magalimoto, wolembedwa kuti pH neutral. Werengani botolo musanalipire. Mukaona mawu akuti wax, shine kapena gloss, libwezereni pa shelefu, chifukwa limenelo analipangira galimoto yofuna kuwala. Mukapeza lolembedwa kuti ndi la matte, ndiye mwalasa.

Zoona, sopo wotereyu simungamupeze pa golosale ya kumudzi. Mukapita ku Blantyre, mtunda wa makilomita pafupifupi 60 kuchokera pa Zalewa, gulani botolo limodzi. Amathira pang'ono pokha pa ndowa, choncho limakhalitsa. Anyamata a pa siteji imodzi akhoza kusonkherana. Ngati mulibe, madzi oyera okha ndi kansalu kofewa n'zabwino kuposa sopo wolakwika.

Zina zonse zimene timakonda kupaka kuti chinthu chioneke chatsopano zikhale kutali: polishi wa nsapato, polishi wa pansi, mafuta ophikira, oilo wa injini. Mankhwala owalitsa matayala nawo samalani nawo, chifukwa galimoto ikathamanga amadumphira pa zitseko n'kusiya madontho amafuta. Parafini, petulo ndi thinner, zimene ena amatsukira injini ndi tcheni, zisafike pa penti.

Zofunika kuchotsa tsiku lomwelo

Tonse timakonda kuimika galimoto pansi pa mango kuthawa dzuwa. Koma pamenepo ndi pamene pamagwa zitosi za mbalame, utomoni ndi zipatso zakupsa. Zitosi zimadya penti, ndipo kukatentha zimadya msanga. Pa galimoto yowala chipsera chake chimachoka ndi polishi. Pa matte chimakhala chachikhalire. Mukaziona, nyowetsani kansalu, kayikeni pamwamba pake kwa mphindi zingapo kuti zifewe, kenaka nyamulani ndi kuthirapo madzi. Tizilombo tophwanyikira kutsogolo poyenda usiku pa M1 tichotseni mwa njira yomweyo.

Eni njinga, tcheru chanu chikhale pothira mafuta. Petulo wa m'botolo sachedwa kutayikira pa thanki. Akatayikira, musamupukute mokokeza. Dinikizani kansalu kuti kamumwe, mukatero tsukanipo ndi madzi. Ndipo chikwama kapena katundu womangidwa pa thanki, ngakhale jekete la zipi limene limakhudza malo amodzimodzi tsiku ndi tsiku, zimasalalitsa penti pang'onopang'ono.

Pali mankhwala otetezera penti yosawala amene sawalitsa. Ngati mwawagula, yesani kaye pamalo obisika, monga m'kati mwa chitseko, mudikire kuti paume, muone ngati mtundu sunasinthe.

Musanakopeke

Kunena zoona, penti imeneyi ndi yokongola, ndipo pa chithunzi cha pa Facebook imachita kugwira mtima. Koma dzifunseni kaye za moyo wanu. Kodi galimotoyo izidutsa njira zothinana ndi zitsamba zimene nthambi zimakwecha m'mbali? Anthu azitsamira pokweza matumba? Madzi mumawapeza pafupi? Ngati ndi galimoto yantchito imene mudzafune kuigulitsa patsogolo, kumbukirani kuti wogula aliyense adzaloza chigamba chowala n'kutsitsa mtengo.

Ngati muli nayo kale, musataye mtima. Sizifuna ndalama zambiri: ndowa ziwiri, tinsalu titatu, sopo woyenera ndi mtima wodekha. Chachikulu n'chakuti aliyense wokhudza galimotoyo adziwe, kuyambira mwana wa pakhomo amene amafuna kukuthandizani mpaka wotsuka wa pamsika. Mnyamata uja sanalakwe mwadala. Anachita zimene amachitira galimoto ina iliyonse, ndipo palibe amene anamuuza kuti iyi ndi yosiyana.

Achimwene anabwereranso kwa mnyamata yemwe uja. Masiku ano amapita ndi sopo wawo ndi tinsalu tawo m'jumbo, ndipo nsima amadya galimoto itatha kutsukidwa. Mnyamatayo tsopano ndi amene amaletsa anzake akafika ndi polishi pafupi ndi pikapu yakudayo. Boneti sanaipentetsebe. Akuti adikire kaye manachesi a chaka chino.